Kusankha matayala ku Chadiza

Kusankha tayala kumayambira pa manambala olembedwa m'mbali mwake. Pa 195/65 R15, 195 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 65 ndi kutalika kwa khoma lake poyerekeza ndi kutambalalako, ndipo 15 ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Matayala a liwiro, monga 225/40 R18, amagwira bwino phula, koma m'misewu yafumbi ndi yamaenje ya ku Chadiza khoma lawo lalifupi limatupa msanga, rimu n'kupindika. Mitengo yotsika ya matayala akale ku Chipata imakopa, komabe wogula ayang'ane manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT m'mbali mwa tayala: 2319 ikutanthauza kuti tayalalo linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Labala yokalamba imang'aluka ngakhale mapanga ake akuoneka akuya.