Maseva Awiri Sachotsa Ngozi Ngati Nkhokwe Ndi Imodzi

Masiku ano ntchito zambiri za m'mabanki, m'zipatala, m'sukulu za ukachenjede ndi m'maofesi a boma zimadalira makina otchedwa seva. Seva ndi kompyuta yamphamvu imene imakhala m'chipinda chozizira, yosazimitsidwa usana ndi usiku, ndipo ntchito yake ndi kusunga zolembedwa ndi kuyankha makompyuta ena onse a pamalopo. Ikaima, kalaliki amangopinda manja, wodwala amadikira pa benchi, ndipo wofuna ndalama zake amauzidwa kuti abwerenso mawa pakuti netiweki yavuta. Nchifukwa chake mabungwe ambiri amagula maseva awiri kapena atatu ndi kuwalumikiza, kuti ina ikafa inzake ipitirize ntchito. Maganizo amenewa ndi abwino ndithu. Koma bungwe limene lagula makina awiri nkumagona tulo, lisanayese ngati wachiwiriyo angasenzedi katundu wa woyambayo, likudzinamiza lokha.

Kale pulogalamu iliyonse yaikulu inkafuna seva yakeyake: ya malipiro payokha, ya makalata payokha, ya kaundula payokha. Makina ambiri ankangodya magetsi pamene ntchito yake inali yochepa. Luso lotchedwa virtualization ndi limene linachepetsa kuwononga kumeneku. Pulogalamu yotchedwa hypervisor, imene imakhala ngati kapitawo, imagawa mphamvu ya pulosesa, memori ndi disiki za seva imodzi kwa makompyuta angapo opangidwa ndi pulogalamu chabe, amene akatswiri amawatcha virtual machine. Iliyonse mwa makompyuta a m'katiwa imagwira ntchito ngati kompyuta yeniyeni, ngakhale kuti pa disiki imangokhala mafayilo ochepa. Luso limeneli si la dzulo ayi. Kampani ya IBM inatulutsa VM/370 m'chaka cha 1972, VMware inatulutsa ESX Server mu 2001, Xen inachokera ku yunivesite ya Cambridge mu 2003, KVM inalowa mu Linux mu 2007, ndipo Microsoft inabweretsa Hyper-V mu 2008.

Komatu walira mvula walira matope. Amene waika makompyuta khumi m'seva imodzi wapulumutsa ndalama, koma tsiku limene sevayo idzapsa, ntchito khumi zidzaima nthawi imodzi. Apa ndi pamene pamafunika gulu la maseva lotchedwa failover cluster. Maseva a m'gululi amasunga mafayilo a makompyuta a m'kati aja m'nkhokwe imodzi imene onse amaifikira, ndipo amatumizirana kachizindikiro sekondi iliyonse kosonyeza kuti ali moyo. Seva ina ikakhala chete kwa masekondi angapo, zinzake zimadziwa kuti yafa, ndipo zimayatsa makompyuta ake aja kuchokera m'nkhokwe. Pamenepa nkofunika kumvetsa kuti makompyutawo amayamba mwatsopano, monga mmene zimakhalira magetsi akathima mwadzidzidzi. Zonse zimene zinali mu memori zosasungidwa pa disiki zimatayika, ndipo ogwira ntchito amadikira kanthawi kuti mapulogalamu adzukenso.

Luso lina, limene anthu ambiri amalisokoneza ndi loyambali, ndi lotchedwa live migration, ndiye kuti kusamutsa kompyuta ili mkati mogwira ntchito. Katswiri akafuna kukonza seva kapena kuikamo pulogalamu yatsopano, amalamula kuti makompyuta a m'kati asamukire ku seva inzake. Zimene zili mu memori zimakopedwa kudzera pa netiweki kompyutayo ikugwirabe ntchito. Zigawo zimene zasintha pa nthawi ya kukopako zimatumizidwanso, kachiwiri ndi kachitatu, mpaka zotsala zitachepa kwambiri. Kenaka kompyutayo imaimitsidwa kwa kamphindi kosazindikirika, zotsalazo zimawoloka, ndipo ntchito imapitirira ku seva yatsopano. VMware inayamba kugulitsa luso limeneli mu 2003 pa dzina la VMotion. Mu 2005 ofufuza a ku Cambridge anasonyeza kuti ndi Xen kuimako kungathe kukhala kwa mamilisekondi 60 okha, ndipo Microsoft inaika live migration mu Windows Server 2008 R2 m'chaka cha 2009.

Kusiyana kwa maluso awiriwa ndi kumene mkulu wa bungwe ayenera kukugwiritsa. Live migration imatheka pokhapokha maseva onse awiri ali moyo, pakuti memori ya makina akufa singakopedwe. Wogulitsa akasonyeza kompyuta ikusamuka popanda wina kuzindikira, wogula amaganiza kuti ndi mmene zidzakhalire pa tsiku la ngozi, chikhalirecho zimene waonazo ndi kusamuka kokonzekera. Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: seva ikafa mosayembekezereka pakati pa ntchito, padzapita mphindi zingati ntchito isanayambenso, nanga ndi zolembedwa ziti zimene zidzatayike?

Kukhazikitsa gulu la maseva awiri a Hyper-V kuli ndi malamulo ake amene sayenera kudumphidwa. Maseva onse akhale ndi mapulosesa a kampani imodzi, chifukwa kompyuta yoyaka singasamuke kuchoka pa pulosesa ya Intel kupita pa ya AMD. Nkhokwe ya mafayilo ilumikizidwe kwa onse awiri, ndipo ikonzedwe ngati Cluster Shared Volume kuti onse athe kuwerenga ndi kulemba pa nthawi imodzi. Njira ya netiweki yosamutsira makompyuta ipatulidwe ku njira ya ogwira ntchito, kuti kusamutsako kusatsekereze ena. Gulu lisanapangidwe, Windows Server ili ndi mayeso ake ounika makina, nkhokwe ndi netiweki, ndipo katswiri amene amanyalanyaza machenjezo a mayesowo chifukwa cha changu amasungira anzake mavuto a mtsogolo.

Palinso nkhani ya mboni. Chingwe cholumikiza maseva awiri chikaduka, iliyonse imaganiza kuti inzake yafa, ndipo zonse zikayamba kulemba pa disiki imodzi mafayilo amawonongeka. Pofuna kupewa zimenezi, gulu limayendera mavoti monga komiti imene singagamule nkhani popanda chiwerengero chokwanira cha mamembala. Seva iliyonse ili ndi voti imodzi, ndipo voti yachitatu imapatsidwa kwa mboni, imene imatha kukhala kadisiki kakang'ono kapena foda ya pa kompyuta ina. Kuyambira pa Windows Server 2016 mboniyo imathanso kukhala pa intaneti, ku Azure. Mbali imene ili ndi mavoti awiri mwa atatu ndi imene imapitiriza ntchito, ndipo inayo imaima yokha.

Ngakhale zonsezi zitatsatidwa, ngozi imakhalabe paliponse pamene pali chinthu chimodzi chokha. Maseva awiri odalira nkhokwe imodzi yopanda mnzake adzaima pamodzi nkhokweyo ikawonongeka. Chimodzimodzinso ngati zingwe zawo zonse zilowa mu switch imodzi, kapena ngati onse amatenga moto pa waya umodzi wa magetsi. Amalawi sanaiwale mmene namondwe Ana anawonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, nkuchotsa mamegawati pafupifupi 130, ndi mmene magetsi ankathimira kwa miyezi yambiri pambuyo pake. M'nyengo yotere mabatire a UPS ndi mafuta a jenereta amakhala ofunika mofanana ndi maseva enieniwo. Ku France, mu March 2021, moto unatentha nyumba ina ya maseva ya kampani ya OVHcloud mu mzinda wa Strasbourg, ndipo makasitomala ena amene makope awo anali pamalo omwewo anataya zonse. Masamu nawonso sanama. Ngati seva iliyonse ili ndi memori ya 128 GB ndipo makompyuta ake akudya 100 GB, yotsalayo idzafunika 200 GB pa tsiku la ngozi, ndipo makompyuta ena adzalephera kuyaka.

Chinanso chimene mabungwe amaiwala ndi chakuti gulu la maseva silisunga makope a dzulo. Kalaliki akafufuta fayilo molakwitsa, kapena akuba a pa intaneti akatseka mafayilo ndi kufuna dipo, maseva onse a m'gulu amaona kuwonongeka komweko, pakuti nkhokwe yawo ndi imodzi. Mu February 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba otere analowerera makina osindikizira mapasipoti ndipo ankafuna dipo, pamene anthu ofuna kupita kunja kukaphunzira, kukagwira ntchito kapena kukalandira chithandizo cha mankhwala ankadikira kwa masabata. Vuto la mtundu umenewu silithetsedwa ndi kuchuluka kwa maseva. Limafuna makope osungidwa kutali ndi chipinda cha maseva, ena osalumikizidwa ku netiweki, amenenso anayesedwa kuti angabwezeretsedwe.

Tsono muyeso weniweni wa gulu la maseva ndi kuliyesa. Pa tsiku limene ntchito ndi yochepa, makope atasungidwa bwino, katswiri azimitse seva imodzi mwadala, wina agwire wotchi, ndipo zotsatira zake zilembedwe m'buku limene mkulu wa bungwe adzasainire. Kuyesa kumeneku kubwerezedwe nthawi ndi nthawi, makamaka pakakhala kusintha kwa makina. Ndiponso bungwe lisalole kuti wodziwa makonzedwe ake akhale munthu mmodzi yekha, kapena kampani imene inagulitsa makinawo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Munthu mmodziyo akadwala kapena akasiya ntchito, bungwelo limakhala pa ngozi imodzimodzi ndi ya seva yopanda mnzake.

Apa ndi pamene pali mwayi wa achinyamata amene angomaliza sukulu, ndiponso udindo wa aphunzitsi awo. Luso limeneli lingayambidwe popanda chipinda cha makina odula. Mapulogalamu monga VirtualBox ndi Proxmox VE amapezeka kwaulere, ndipo pa kompyuta imodzi ya memori yokwanira wophunzira angathe kupanga maseva ang'onoang'ono atatu, kuwalumikiza, kuzimitsa imodzi ndi kuona chimene chichitike. Mphunzitsi wa makompyuta amene amapatsa ophunzira ake ntchito yotere amawaphunzitsa chizolowezi chofunsa kuti chinthu chakutichakuti chikafa ntchito idzayenda bwanji. Mabanki, zipatala ndi maofesi a boma akufuna anthu a chizolowezi chimenechi, ndipo bungwe limene lili ndi ndalama zogulira seva yachiwiri liyeneranso kupatula ndalama zophunzitsira munthu wachiwiri woiyang'anira.