BWANA NDINU, IWO NDI ANTCHITO



Ine ndisanalowe ndale ndinali wamalonda. Ndinali ndi kagolosale, katundu ndinkaoda ku Limbe. Ndikafuna mnyamata wapakauntala sindinkangotola munthu pamsewu ayi. Ndinkaitana atatu kapena anayi, n'kuwafunsa kumene anagwirako ntchito ndi chimene chinawachotsa. Kenaka ndinkapita ndekha kukafunsa mabwana awo akale. Wotsekemera pakamwa ndiye ndinkamuonetsetsa, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chisankho n'chimodzimodzi. Pulezidenti, phungu ndi khansala amabwera kwa inu kudzafunsira ntchito. Malipiro awo ndi galimoto zawo zimachokera ku msonkho wanu. Golosale ndi dziko lino, mwini wake ndinu. Nanga bwanji mumanjenjemera pamaso pa wantchito wanu?

Kumbukirani kumene tikuchokera. Mu 1966 dziko lino linasanduka la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Kamuzu Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya. Kodi alipo wamalonda amene angalembe wantchito wamuyaya, osawerenganso sitoko, ukafunsa za shoti iye n'kukutsekera? Anthu ankakanizidwa kulowa mumsika chifukwa chosowa khadi lachipani. Mwini sitolo kuthamangitsidwa pakhomo la sitolo yake!

Pa 14 June 1993 a Malawi anatenganso makiyi. Nyali inagonjetsa tambala wakuda, anthu oposa 63 pa 100 alionse atasankha matipate. Chiyambire chisankho cha pa 17 May 1994, utsogoleri ndi ntchito ya kontirakiti: zaka zisanu, ndipo Pulezidenti sapitirira maulendo awiri otsatizana. Mu 2002 ena anafuna kufufuta malire amenewa, koma ku Nyumba ya Malamulo mavoti sanakwane. Mu 2020 khoti litapeza kuti chisankho cha Pulezidenti cha 2019 sichinayende bwino, linalamula kuti ntchito ilembedwenso.

Koma pali kusiyana kumodzi, ndipo mumvetsetse. Mnyamata wapakauntala akaba lero, mawa mwamuchotsa. Phungu ayi. Gawo 64 la malamulo aakulu a dziko, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu nthawi yake isanathe, aphungu eni ake analichotsa mu 1995. Mukalakwitsa polemba, mudzalira naye zaka zisanu. Mankhwala akasowa kuchipatala, mlatho ukakokoloka, iye ali ku Lilongwe.

Tsono akabwera pabwalo, musangovina. Mufunseni: ntchito imene munagwira kale munaisiya bwanji? Ndalama zimene munasungitsidwa zinatha bwanji? Zimene mukulonjezazi mudzalipira ndi chiyani? Musalembe munthu chifukwa ndi wakwanu. Amalonda ambiri anatseka sitolo chifukwa cha mphwawo amene ankachita naye manyazi kumufunsa.

Chenjeraninso ndi wobwera ndi nsalu, shuga ndi kandalama m'manja. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna mavoti. Inu munaonapo wofunsira ntchito akulipira bwana? Akatero, dziwani kuti waona kale pamene adzabwezere ndalama zake: m'kabati mwanu.

Voti yanu ndi kalata yolembera munthu ntchito, ndiponso ndi kalata yomuchotsera. Lembetsani m'kaundula, sungani bwino chiphaso chanu, ndipo tsiku likafika mulawire. Mukalowa mobisika muja mulibe mfumu, mulibe nduna, mulibe tcheyamani. Muli inu nokha, bwana.

Mukawerenga, mupatsireko mnzanu.