Garu Akaluma Mwana, Mlandu Ngwa Yani?

Pa midzi yathu liripo lamulo limodzi limene palibe munthu alitsutsa. Mbuzi ikadula cingwe, nilowa m'munda wa eni, nidya cimanga, mwini mbuzi alipa. Sanena pa bwalo kuti, Mbuzi iribe nzeru. Pakuti akatero amfumu ndi nduna zao adzamseka, popeza onse adziwa kuti mbuzi iribe nzeru, ndipo ndico cifukwa cace iri naye mwini. Ng'ombe ikathyola mpanda wa dimba, mlandu ulondola mapazi ace kufikira ku khola limene inaturukamo. Koma garu akang'amba mwendo wa mwana pa njira ya ku citsime, lamulo lija lingozimirira. Mwini garu aturuka m'nyumba, nati, Pepani, ndi tsoka. Kapena ati, Mwanayo ndiye anamputa. Ndipo ife tonse tibalalika monga ngati mlandu watha. Tsono tifunsa abale athu a m'midzi ndi a m'mipingo: kodi phesi la cimanga taliyesa la mtengo woposa thupi la mwana?

Sitilemba mau awa cifukwa ca kuda agaru. Garu ndiye bwenzi lakale la mudzi: alonda nkhokwe usiku, apitikitsa anyani m'munda, atsagana ndi amuna ku uzimba, ndipo malipiro ace ndi mkute cabe. Amene titsutsana naye ndi munthu, iye amene afuna thandizo la garu, nakana katundu wa garu. Mau athu ndi amodzi: garu akaluma mwana, mlandu ngwa mwini garu.

Tiyambe ndi cowiringula cija cakuti mwana anamputa. Munthu wamkuru akakomana ndi garu wolusa, mano afika pa mwendo kapena pa dzanja. Koma mwana wa zaka 4 ali msinkhu umodzi ndi garu, ndipo mano afika pa nkhope ndi pa khosi. Wamkuru aima nji, natola mwala. Mwana apfuula, nathawa, ndipo kuthawako ndiko kuutsa mtima wa kusaka, pakuti garu athamangira cimene cithawa. Wamkuru adziwa kuti garu amene alikudya, kapena wamkazi amene ali ndi tiana, sayandikiridwa. Mwana aona tianato, natambasula dzanja. Kodi tidzamuimba mlandu mwana cifukwa ali mwana? Sitisiya mpeni wakuthwa pa mphasa, ndi kunena pambuyo pace kuti khanda linaputa mpeni. Amene ali nazo nzeru ndiye asenza mlandu. Ndipo mwa atatuwa, garu, mwana ndi mwini, wanzeru ndi mmodzi yekha.

Masiku ano kwadza mitundu ina ya agaru imene makolo athu sanaidziwa. Eni nyumba za malinga m'mizinda aweta Rottweiler, Boerboel ndi pit bull. Ndipo tiana tao, ndi tina tosakanizika ndi agaru athu, tigulitsidwa, tipatsidwa kwa abale, kufikira tifika ku mudzi kumene kulibe linga kapena cipata. Agaru awa anthu anawasankha mibadwo yambiri cifukwa ca nchito yao. Boerboel anamuweta alimi a ku South Africa kuti alonde nyumba ndi ziweto, ndipo wamphongo wokhwima alemera koposa thumba la cimanga la makilogalamu 50. Makolo a pit bull anawetedwa ku Britain kuti amenyane ndi ng'ombe zamphongo pamaso pa oonerera. Ndipo pamene lamulo la 1835 linaletsa masewera oipawo, anthu anatembenukira ku kumenyanitsa agaru okhaokha mobisika. Garu wotere akagwira, sataya msanga.

Pa nkhani iyi anthu agawikana pawiri, ndipo mbali zonse ziwiri zisokera. Ena ati, Coipa conse ciri mu mtundu. Letsani mitundu yoopsayo, ndipo ana adzakhala pa mtendere. Ena ati, Mtundu suli kanthu; garu wanga ngwofatsa, asewera ndi ana anga. Kwa aciwiriwa tinena kuti mtundu uli kanthu ndithu: garu wamng'ono akapsa mtima, kawirikawiri asiya bala limene lipola, koma garu wolemera ngati munthu wamkuru akapsa mtima tsiku limodzi lokha, akhoza kusiya maliro. Ndipo kwa oyambawo tinena kuti mtundu unena kukula kwa bala, koma amene atsegula njira kuti balalo licitike ndi mwini.

A ku Britain anayesa njira ya kuletsa mitundu, ndipo nkwabwino tiphunzire pa iwo. M'caka ca 1991, anthu atabvulazidwa koopsa, ndi ana omwe, anaika lamulo loletsa mitundu 4: pit bull, Japanese Tosa, Dogo Argentino ndi Fila Brasileiro. Koma imfa sizinaleka. Okonda agaru aukali anapeza mitundu ina imene lamulo silinaichula. Kotero kuti patapita zaka zoposa 30 boma linaonjezanso mtundu wina, XL Bully, umene kuyambira pa 1 February 2024 munthu wa ku England ndi Wales sangausunge wopanda kalata ya cilolezo. Pakati pa zaka zimenezo anazindikira kanthu kena. M'caka ca 2014 anakulitsa lamulo limene ligwira mwini garu wa mtundu uli wonse, kuti limgwire ngakhale garuyo alumire munthu m'nyumba ya mwini wace momwemo. Ndipo garu akapha munthu, mwiniyo akhoza kukhala m'ndende kufikira zaka 14. Taonani, kuwerenga maina a agaru sikunakwanira. Anayenera kutambasula dzanja ndi kugwira munthu.

Ku South Africa, kumene abale athu ambiri agwira nchito pa nyumba za eni, kunaweruzidwa mlandu umene uyenera kumveka kuno. M'caka ca 2017, mu mzinda wa Port Elizabeth, umene tsopano auchula Gqeberha, munthu wosauka wa maganyu a m'minda analikuyenda pa mseu. Ndipo agaru 3 anaturuka pa cipata ca nyumba ina, namgwetsa, namng'amba, kotero kuti a ku cipatala anamdula mkono wamanzere. Mwini agaru anakana mlandu, nati munthu wina wosadziwika ndiye anatsegula cipata. Koma m'caka ca 2020 bwalo lalikuru la apilo la ku Bloemfontein linakana cowiringulaco, niligamula kuti mlandu ngwa mwini agaru, alipe.

Ndipo nzeru iyi si ya masiku ano. Ife owerenga Buku Lopatulika tiipeza pa Eksodo 21, m'lamulo la ng'ombe yopha munthu ndi nyanga. Lamulolo lisiyanitsa eni awiri. Woyamba ndiye amene ng'ombe yace inacita ici modzidzimutsa, isanaonetse ukali ndi kale lonse: ng'ombe ifa, mwini amasuka. Waciwiri ndiye amene anadziwa khalidwe la ng'ombe yace, anthu anamcenjeza, koma sanaitsekera: ameneyo anayesedwa woyenera kufa pamodzi ndi ng'ombeyo, kapena kuombola moyo wace ndi dipo, ndipo lamulo silinapepuka pamene wophedwayo anali mwana. Sitinena kuti munthu aphedwe. Tinena kuti kudziwa ndiko kumanga mlandu. Ndipo ndani wa ife angaime pa malo a mwini woyamba uja? Garu amene aluma mwana lero, dzulo anang'amba nsaru ya mai wopita ku cigayo, dzana anatha nkhuku za pa khomo lina; mudzi wonse unadziwa, ndi mwini wace yemwe.

Coipa coposa ndi ici, kuti ukaliwo ambiri a ife tiuumba ndi manja athu. Titsekera kagaru m'kakhola ka mdima usana wonse kuti kasazolowere anthu, tikamana cakudya, tikamenya, ena athira tsabola kapena camba m'cakudya cace, poyesa kuti kadzalusa. Ndipo kakathamangitsa ana opita ku sukulu, mwini aseka, nanyada kuti, Pano sipafika munthu. Tikamdzudzula ati, Akuba acuruka. Inde acuruka, sitikana. Koma mbala idza usiku itakonzeka, ndi nyama yothira mankhwala m'thumba. Amene adza usana wopanda cida ndiye mwana wotumidwa kudzapala moto kapena kudzapempha mcere. Garu wolusa sasiyanitsa awiriwa. Nchito ya mlonda ndi kuuwa kuti eni nyumba adzuke. Ndipo garu wokhuta, wozolowera anthu, auwa bwino lomwe usiku.

Komatu tisapenye agaru akuru a m'mizinda okha, ndi kuiwala amene agona pa phulusa kuseri kwa nyumba zathu. M'dziko lathu lino garu woopsa koposa onse ndiye wosabayidwa katemera wa ciwewe, angakhale ali woonda ndi wofatsa. Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, WHO, liwerenga kuti ciwewe cipha anthu ngati 59,000 caka ndi caka, makamaka mu Africa ndi Asia. Mwa anthu 10 ali onse akufa naco, 4 ndi ana osafika zaka 15. Ndipo pafupifupi onse acitenga kwa garu. Kacirombo kace kalowa ndi malobvu pa bala, nikayenda pang'onopang'ono m'mitsempha kufikira ku ubongo. Bala lipola, anthu aiwala, papita masabata kapena miyezi. Ndipo tsiku limene mwana ayamba kuopa madzi, palibenso sing'anga kapena dotolo amene angambweze. Madotolo a pa cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre anafalitsa m'caka ca 2007 zimene anapeza: mwa ana 133 amene anafa ndi nthenda za mu ubongo, 14 anafa ndi ciwewe, ndipo ena a iwo anayesedwa poyamba odwala malungo akuru. Nanga m'midzi ndi angati amene tinawaika m'manda ndi kunena kuti, Anamlodza, pamene mfiti yace inali garu wa pa khomo loyandikana?

Ndipo imfa iyi njopeweka. Kuyambira caka ca 1885, pamene Louis Pasteur anapulumutsa ku Paris mnyamata wa zaka 9 wolumidwa ndi garu, katemera wace adziwika. Odziwa za ziweto atiuza kuti agaru 7 mwa 10 ali onse a m'dera akabayidwa caka ndi caka, nthendayo isowa podzera. M'caka ca 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agaru oposa 35,000 mu mzinda wa Blantyre m'masiku 20, kwaulere. Koma alipobe amene, pomva kuti obaya afika, abisa garu ku munda, nati katemera afoola garu pa kusaka. Bodza limenelo alilipa ndi ana, ndi miyoyo yao.

Nanga ticite ciani? Woweta garu amdyetse, ambayitse caka ndi caka, nasunge kalata yace. Ndipo usana adziwe kumene garu wace ali. Amene alibe mpanda wolimba ndi cakudya cokwanira asalandire garu wa mitundu ikuruikuru ija, angakhale ampatsa kwaulere. Mwana wamng'ono asasiyidwe yekha ndi garu ali yense. Garu amene waluma munthu kamodzi asayendenso womasuka. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo pomwepo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, nimupite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Musataye nthawi ndi kutentha ubweya wa garu ndi kupaka pa bala, pakuti phulusa silipha ciwewe. Musammenye mwanayo, kuti angabise bala lina mawa. Garuyo amangidwe, napenyedwe masiku 10. Koma ulendo wa ku cipatala usadikire masikuwo. Ndalama za ulendo ndi za mankhwala zituruke m'thumba la mwini garu, iye asanapemphedwe. Ndipo akakana, amfumu aitane bwalo monga acitira pa mlandu wa mbuzi.

Tidziwa cimene citseka pakamwa pathu. Mwini garu ndi mbale, kapena mkuru wa mpingo, kapena wacuma amene tikongolako feteleza. Ndipo tiopa udani. Koma mtendere wogulidwa ndi zipsera za pa nkhope ya mwana si mtendere, ndi mantha cabe. Akuru anati, Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo garu amene waluma wa mnzako lero sadzafunsa dzina la wako mawa. Cifukwa cace amene adziwa garu woopsa pa mudzi apite kwa mwini wace sabata lino, pasanalire munthu, namcenjeze pamaso pa mboni ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo mwiniyo sadzakhozanso kunena kuti, Sindinadziwa, kapena kuti, Ndi tsoka.