ZA MALAMULO: MSONKHO UKAGWIRA MALIPIRO A MUNTHU

Akuluakulu a m'midzi ya Asoli akali kusimba za masiku a atsamunda, pamene amesenjala a ku Boma anali kuyenda mudzi ndi mudzi kufuna ciphaso ca msonkho, ndipo amuna amene analibe anali kugona kuthengo kufikira alendowo atapita. Masiku ano wamsonkho sayenda ndi ndodo. Amangolemba kalata, ndipo kalatayo imapita kwa amene amalipira munthu pakutha pa mwezi.

Mphamvu imeneyi iri m'lamulo la msonkho wa pa ndalama zimene munthu apeza, la m'caka ca 1966. Lamuloli lilola mkulu wa kabungwe ka Zambia Revenue Authority, kamene kanayamba nchito mu 1994, kusankha munthu aliyense wosunga ndalama za wankhongole kuti akhale wolipira msonkhowo m'malo mwace. Wosankhidwayo angakhale banki, angakhalenso wolemba anthu nchito. Akalandira kalata yotere, ayenera kucotsa ndalamazo ndi kuzitumiza ku ZRA. Akapanda kutero waswa lamulo iye mwini.

Ambiri amadabwa kuti munthu wa pa nchito, amene amadulidwa kale msonkho wa PAYE mwezi ndi mwezi, angakhale bwanji ndi nkhongole. Kawirikawiri nkhongoleyo siicokera ku malipiro ai, koma ku kabizinesi ka pambali. Mwacitsanzo, mphunzitsi wa ku Chalimbana angatsegule kantemba kapena cigayo, angamange nyumba za lendi pa Chongwe, kapena kugulitsa nkhuku ku Lusaka. Alembetsa bizinesiyo ku ZRA pa nambala yace ya TPIN, cifukwa ogula akuluakulu amafuna mapepala. Patapita zaka ziwiri cigayo cifa, iye atseka citseko nabwerera ku coko ndi bolodi. Koma m'mabuku a ZRA cigayoco cikali kugaya. Malipoti amene iye sanatumize amabala cindapusa, ndipo msonkho wocedwa umaonjezedwa ndi cindapusa cina mwezi uliwonse, kuphatikizapo ciwongoladzanja. Nkhongole imene inayamba ngati kamwana ka mbuzi imafika pakhomo iri ndi nyanga.

Tsono malipiro akabwera opungula, m'nyumba mumalowa cisoni: fetereza wa caka cimeneco, yunifomu ya ana, mankhwala a agogo, zonse zinali kuyang'ana pa kapepala komweko. Apa ndi pamene anthu amagogoda pa zitseko zolakwika. Wina apita kukakalipira kalaliki wa malipiro, amene alibe mphamvu ngakhale pang'ono yobweza kalatayo. Wina aganiza zosiya nchito, osadziwa kuti nkhongole imatsata nambala ya TPIN, ndi kuti kalata yomweyo ingapite ku banki. Winanso apereka ndalama kwa munthu wolonjeza kuti "adziwa wina mkati". Ameneyo wataya kawiri, ndipo wadziika pa mlandu wa ziphuphu.

Amene analemba kalata ndiye yekha angathe kuicotsa. Cotero ulendo ndi wa ku ZRA, kumene likulu lace ndi Revenue House, pafupi ndi Kabwe Roundabout mu Lusaka, makilomita ngati 45 kucokera pa Chongwe potsata mseu wa Great East. Coyamba munthu apemphe cikalata coonetsa nkhongole yace yonse, caka ndi caka, kuti aone msonkho weniweni ndi uti, cindapusa ndi citi. Ngati bizinesi inafa, anene tsiku limene inafera, atumize malipoti onse otsalira, ngakhale a miyezi imene sanagulitse kanthu, ndipo apemphe kuti bizinesiyo ifafanizidwe m'kaundula.

Ngati nkhongoleyo ndi yoona, kukana sikuthandiza. ZRA imacita mapangano olipira pang'onopang'ono ndi anthu amene abwera okha ndi kuonetsa zimene apeza ndi zimene alipira pakhomo. Munthu alembe pempho lace, anene ndalama imene angathe kupereka mwezi uliwonse, ndipo m'kalata momwemo apemphe kuti lamulo lodula malipiro licotsedwe. Alonjeze zimene angakwanitse. Kulonjeza K1,000 pamene thumba lilola K400 ndiko kuitananso kalata ija. Kuvomera kapena kukana kuli kwa a ZRA, koma wobwera ndi mapepala m'manja amamveka kuposa wobwera ndi misozi yokha.

Ngati ciwerengero ca msonkho ndi colakwa, lamulo lipatsa munthu masiku 30 kucokera pa kalata yomudziwitsa kuti alembe citsutso, ndi kunena zifukwa zace. Akapanda kukhutira ndi yankho, angatengere nkhaniyo ku bwalo la Tax Appeals Tribunal, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015. Masiku 30 ndi ocepa kwa munthu wokhala ku Kanakantapa m'nyengo ya dzinja, ndipo pano pali covuta cimene a ZRA ayenera kuciganizira: zidziwitso zambiri tsopano zimayenda pa intaneti, pamene si mudzi uliwonse umene netiweki imafika bwino. Komabe lamulo limawerenga masiku, siliwerenga mitsinje yodzaza.

Nthawi zina Boma limakhululukira cindapusa ndi ciwongoladzanja kwa olipira msonkho weniweni. Linatero mu 2017, linateronso kuyambira mu October 2022. Koma cifundo cotere siciri ndi tsiku lodziwika, ndipo wocidikira nkhongole yace imakula akudikira.

Pali zinthu ziwiri zimene siziyenera kusokonezedwa ndi nkhaniyi. Kamsonkho ka khonsolo, kamene kamadulidwa kawiri pa caka, ndi ka Khonsolo ya Chongwe, osati ZRA. Ndipo ngati bwana anadula PAYE koma osaitumiza, wofunsidwa ndi bwanayo. Umboni wa wanchito pa mlandu wotere ndi timapepala ta malipiro tija, timene m'nyumba zambiri timathera kukulunga nsomba kapena kuyatsira mbaula. Malo ace ndi m'sutukesi, pamodzi ndi citupa ndi makadi a ana a ku cipatala.