GALIMOTO YAMAGETSI IFUNA MWINI WOSAMALA

Anthu a mu mzinda wa Blantyre sanaiwale mizere ya magalimoto imene inkagona pa malo omwetsera mafuta m'chaka cha 2011 ndiponso cha 2022. Dontho lililonse la petulo limafika m'dziko muno kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lino limazipeza movutikira. N'chifukwa chake nkhani ya galimoto yoyendera magetsi iyenera kulandiridwa ndi manja awiri, pakuti mphamvu yake yaikulu ichokera mu mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira.

Kwa wantchito wa Boma wokhala ku Chilomoni, Ndirande kapena Bangwe, amene ulendo wake wa tsiku ndi tsiku ndi wa mu msewu wa Masauko Chipembere pakati pa Blantyre ndi Limbe, galimoto yotere ikwanira. Ilibe oilo wa injini woti azisinthidwa, ilibe mapulagi, ndipo situlutsa utsi. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Munthu wofuna galimotoyi adziwiretu udindo umene ubwera nayo.

Choyamba ndi batire, imene ili mtima wa galimoto ndiponso chida chake chodula kopambana. Magalimoto ambiri amafika kuno atagwirapo kale ntchito ku Japan. Galimoto ya mtundu wa Nissan Leaf inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2010, ndipo batire ya zaka zambiri siyenda mtunda umene inkayenda ili yatsopano. Wogula asatengeke ndi kuwala kwa penti; ayambe wauza katswiri kuti ayeze mphamvu yotsala mu batireyo. Kutentha kumafooketsa batire, choncho m'mwezi wa October galimoto iziima pa mthunzi.

Chachiwiri ndi mawaya a m'nyumba. Galimoto imakoka magetsi kwa maola ambiri usiku, ndipo soketi yolumikizidwa mwachinyengo ingathe kutentha nyumba. Ntchito imeneyi ipatsidwe kwa mmisiri wa chiphaso, osati mnansi wongodziwa kugwira pulayala.

Chachitatu ndi magetsi enieniwo. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, ndipo dziko linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 kufikira m'chaka cha 2023. Makina a dzuwa a ku Salima ndi Golomoti athandizapo, koma mwini galimoto wanzeru sayembekeza kuti batire itheretu. Amaidzaza magetsi akadalipo. Ndipo aliyense wodula mitengo m'mbali mwa Shire adziwe kuti dothi lokokoloka limakatsamwitsa makina a pa Nkula.

Chachinayi ndi amakaniko. Mphamvu ya mu batire yotere ingathe kupha munthu woigwira mwaumbuli. Sukulu ya ntchito zamanja ya Soche, sukulu yaukachenjede ya MUBAS ndi bungwe la TEVETA ayenera kuphunzitsa achinyamata luso limeneli tsopano, kuti galimoto ikaonongeka isasanduke khola la nkhuku kuseri kwa nyumba.

Atsogoleri ndi antchito a Boma ayenera kukhala chitsanzo pa zonsezi. Amene adzagula mosamala ndi kusunga galimoto yake mwa dongosolo adzapulumutsa thumba lake, ndipo ndalama zakunja zimene zikadapita ku petulo zidzagulira dziko lino mankhwala ndi feteleza.