Thanga lichepe, bondo la mwana lipulumuke

Mwera ukayamba kuwomba mu June, ife okonda maboti a thanga mtima umakhala dyokodyoko. Koma ndi nyengo yomweyi pamene achinyamata amatsika m'boti akutsimphina, dzanja lili pabondo, akuluakulu n'kumangowauza kuti, "Limba mtima mphwanga, uzolowera." Mawu amenewa ndimadana nawo kwambiri. Ntchafu imazolowera, inde, koma bondo lopanikizidwa molakwika limangonka liwonongeka.

Amene sanakwerepo ndiwafotokozere. Boti la mpikisano la munthu mmodzi lotchedwa Laser, lomwe masiku ano akuti ILCA, ndi lotalika mamita 4.2 ndipo limalemera makilogalamu pafupifupi 59, kupepuka kuposa anthu ambiri olikwera. Pansi pake palibe chitsulo cholemera choti chiliwongole. Mphepo ikadzaza thanga, boti limapendekeka, ndipo choliletsa kugudubuzika ndi thupi lako basi. Umakoletsa mapazi kunsi kwa lamba amene ali pakati pa boti, ntchafu n'kutsamira m'mphepete, matako ndi msana zili kunja, pamwamba pa mafunde. Amalinyero amati hiking. Umalendewera choncho mphindi zambirimbiri pamene boti likulimbana ndi mphepo. Tengani ndowa yodzaza madzi, muinyamule mkono uli chitambasulire osaugwedeza, mudzamva zomwe ntchafu zimamva.

Minofu ya kutsogolo kwa ntchafu ndiyo imasenza katundu yenseyu. Imadutsa pa kafupa kozungulira ka pabondo n'kukamangirira ku fupa la msongolo. Mwendo ukakhala wowongoka ndithu, kafupako kamakhala bwino m'malo mwake. Koma bondo likapindika kwambiri minofu ili chikokere, kafupa kaja kamatsindikizidwa mwamphamvu pa fupa la ntchafu. Apa ndiye pamene lamba amalowerera. Lamba akakhwepa, mwana amatsetserekera kunja, matako amagwera pansi mpaka kumakhudza madzi, maondo apindika, zala zakumapazi zokha ndizo zakola lamba. Ukamuona uli kumtunda umati mwanayu ndi wolimbikira. Chonsecho ndiye akudzipweteka, ndipo funde lililonse lomenya matako likuchedwetsa boti. Ena amapotozera mapazi mkati kuti lamba asapulumuke, kupotokolako n'kukathera m'bondo.

Mankhwala ake ndi kachingwe kamodzi komangira lamba kumbuyo. Kakokedwe mpaka lamba agwire pamwamba pa phazi, pafupi ndi kakolo, zala ziloze kumwamba, bondo lingopindika pang'ono. Maboti athu amabwerekanabwerekana. M'mawa wakwera bambo wamtali, masana wakwera kamtsikana ka Fomu 1, lamba ali yemweyo osasinthidwa. Mphunzitsi amene amayang'ana jekete yoyandamitsa asanalole mwana kulowa m'madzi ayeneranso kugwada n'kuyang'ana lamba.

Nkhani yaikulu kwa ine ndi thanga. Boti la ILCA ndi limodzi koma matanga ake ndi atatu: laling'ono la masikweya mita 4.7, lapakati la 5.76, ndi lalikulu la 7.06. Lalikululi ndi la amuna olemera makilogalamu cha m'ma 80. Mwana wa makilogalamu 50 ukamupatsa limeneli pa mwera, ngakhale atalendewera chotani sangaliwongole. Komanso mphamvu ya mphepo pa thanga siikwera mwaulemu: liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, kukankha kwake kumawirikiza kanayi. Thanga lomwe linali bwinobwino m'mawa limasanduka chilombo masana.

Chodetsa nkhawa n'chakuti ana amasiya kaboti kakang'ono ka Optimist pofika zaka 15, ena asanafike n'komwe, n'kusamukira ku boti lalikulu nthawi imene mafupa awo akukula mothamanga. Pa msinkhu umenewu, malo amene msempha wa bondo umamangirira ku msongolo amakhala asanakhwime. Akamakokedwa mobwerezabwereza pamatupa kachotupa kowawa kunsi kwa bondo, vuto limene madokotala amalitcha Osgood-Schlatter. Anyamata a mpira nawo amalidziwa. M'mera mpoyamba: kalendeweredwe kamene mwana waphunzira chaka choyamba ndi komwe adzapite nako ku ukulu.

Anzanga ena amandiyankha kuti maboti ndi ochepa, matanga ndi odula ndipo amachokera kunja, choncho tigwiritse ntchito chomwe chilipo. Zoona zimenezo, ndipo ululu wake ndimaudziwa. Koma thanga lalikulu lingathe kukulungidwa pamlongoti kuti lichepe pa tsiku lophunzira. Zingwe zophwatalitsa thanga zikakokedwa zolimba, mphepo yambiri imangodutsa. Chingwe chachikulu chowongolera thanga chili m'manja mwa mwanayo. Tim'phunzitse kuchimasula pang'ono chimphepo chikafika, m'malo momukuwira kuti atulukirebe kunja. Ndipo ana awiri opepuka akhoza kukwera boti limodzi, n'kuphunzira onse.

Ena amatchula akatswiri ngati Robert Scheidt wa ku Brazil, amene anapata golide pa Laser ku Olimpiki mu 1996 ndi 2004, amvekere opambana amapirira ululu. Amapirira kutentha kwa ntchafu, ntchafu zomwe azikonzekeretsa zaka ndi zaka kumtunda. Kukonzekerako sikufuna ndalama zambiri. Njinga tili nazo, ndipo kupalasa chitunda kumalimbitsa miyendo popanda kumenyetsa bondo. Kunyonyomala ndi kudzuka pang'onopang'ono, bondo likuloza komwe zala zaloza, kumalimbitsa ntchafu ndi matako. Kabenchi kophunzirira kulendewera, ka matabwa ndi chidutswa cha lamba wa galimoto, kalipentala aliyense akhoza kukhoma. Minofu ya pamimba isaiwalike, pakuti ikatopa msana ndi maondo ndizo zimalipira. Ali m'boti, mwana aphunzire kupumitsa mwendo umodzi kwa kanthawi unzake ukugwira, kuti magazi ayende. 

Pomaliza pake mwana ayenera kudziwa kusiyanitsa zowawa ziwiri, ndipo wom'phunzitsa ndi ife. Kutentha kwa ntchafu komwe kumazirala ukapuma ndi gawo la masewerawa. Kubaya kwa mkati mwa bondo, kutupa, kapena kupweteka potsika masitepe ndi podzuka pampando ndi nkhani ina. Mwana wotero asalowe m'boti Loweruka lotsatira, ngakhale kukhale mpikisano. Makolo ake auzidwe tsiku lomwelo, apite naye kuchipatala akamuone.