"Mulungu akudziwa" si pobisalira

Anzanga akamanena kuti "Mulungu akudziwa" pofuna kubisa mantha, ndimakumbuka zomwe agogo amandisimbira za 1992. Pa 8 Malichi chaka chimenecho, m'matchalitchi a Katolika munawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula nkhanza za boma la Kamuzu. Mmodzi mwa osayina anali Episkopi Alessandro Assolari wa kwathu kuno ku Mangochi. Akuluakulu a chipani anaopseza kuwapha, ndipo nyumba yosindikizira ya Montfort ku Balaka inatenthedwa. Koma mawu anali atatuluka kale. Mu 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri.

Kwa ine, kukhulupirira kuti Mulungu ndiye mwini mphamvu sikutanthauza kupinda manja. Ngati wolamulira weniweni ndi Iye, nduna yakatangale tingaiopenso bwanji? Achinyamata anzanga, tiyeni tiyankhule.